Funsani Anti Aphunzitsi: Gemu ya pafoni ingamuphunzitse mwana wa nazale kuwerenga?

Mwezi uno ngati munachita kupangana, mameseji ambiri omwe ndalandira ndi a nkhani imodzi, magemu a pafoni, patabuleti ndi pakompyuta omwe amati amaphunzitsa ana ang'onoang'ono kuwerenga. Ndasankhapo ochepa, ena ndawadula chifukwa enanu mumalemba ngati mukuyankha mayeso kkkk. Maina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Anti, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4. Ndinamuikira gemu ya malembo pafoni ndipo pano wafika levulo 30, nyenyezi zake mbwee, akamasewera amakhoza zonse. Koma tsiku lina ndinamulembera "ba" papepala kuti awerenge, anangondiyang'ana nkuseka basi. Nde ndadabwa, akuphunzira mwanayu kapena ndikungotha bandulo?
Mayi wa mtsikana mmodzi

Mayi, choyamba ndikuyamikeni, chifukwa mayeso omwe munamupatsawo ndi enieniwo, pepala silinama. Makolo ambiri safika pamenepo, amangoona nyenyezi zikuthwanima pasikirini nkumauza anzawo kuti wanga ndi jiniyasi.

Inenso zinandichitikira ndi mwana wa mng'ono wanga. Tsiku lina ndinakhala naye pambali ndikungoyang'ana chala chake osalankhula kanthu. Gemu ija imati "peza m", pasikirini nkubwera malembo atatu m'timabaluni. Iye osamvetsera nkomwe, amangodina loyamba, likalira kuti buu amadina lachiwiri, likakana amadina lachitatu, nde phokoso la m'manja, nyenyezi, kagalu kakuvina, iye mano onse pamtunda. Ndinatsitsiratu volumu mpaka ziro kuti ndione, mwana anapitiliza "kukhoza" chimodzimodzi. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti chomwe waphunzira si malembo ayi, waphunzira kuti ukadina zonse kagalu kamavina. Ndipo musamuone ngati wopusa, ndi nzeru zimenezo, wapeza njira yachidule, wolakwa ndi amene anakonza gemuyo.

Kuti mwana awerenge ba pamafunika zinthu zitatu motsatizana. Khutu lake lizimva kuti mawu oti "bala" ali ndi tizidutswa, ba ndi la, komanso kuti "bala" ndi "bola" ayamba mofanana. Kenako adziwe kuti kachizindikiro aka b kali ndi liwu lake, a naye ali ndi lake. Chachitatu, chomwe chimavuta ana ambiri, nkuphatikiza maliwu awiriwo kuti atuluke ba osati "b, a" payekhapayekha. Gulu la akatswiri la National Reading Panel ku America litaunika kafukufuku wambirimbiri linanena mu 2000 kuti kuwerenga kumatsamira pa zinthu zisanu, kumva maliwu m'mawu, kulumikiza maliwu ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi kumvetsa zomwe wawerenga. Gemu yabwino ya msinkhu wa mwana wanuyo imagwira ziwiri zoyambazo, ndipo magemu ambiri olembedwa kuti ndi ophunzitsa sagwira olo chimodzi, amangoonetsa malembo okongola.

Nde kuti mudziwe ngati gemu ili yabwino, iseweleni nokha kaye ndipo muzilakwitsa dala. Onani chomwe imachita mukalakwa. Yabwino imabwereza liwu lija, imakuonetsani yankho, nkukubweretseraninso funso lomwelo patsogolo malembo atasinthana malo, ndipo mukapitiliza kulakwa imakubwezani pambuyo. Yachabechabe imakusiyani mudine mpaka mulase. Chitsanzo cha yokonzedwa bwino ndi GraphoGame, yomwe inachokera ku yunivesite ya Jyväskylä ku Finland motsogozedwa ndi pulofesa Heikki Lyytinen, poyamba anaikonzera ana omwe amaoneka kuti adzavutika kuwerenga. Mwana amamva liwu m'mahedifoni nkusankha lembo lake pakati pa ena, ikaona kuti akukhoza imaonjezera kuvuta, ikaona kuti akulakwa imafewetsa. Anaiyesanso m'Chinyanja m'sukulu za ku Lusaka kwa ana a giredi 1, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti zimayenda bwino kwambiri pomwe aphunzitsi nawonso anali ataigwiritsa ntchito osati ana okha.

Mwana wanuyo musamulande foni, koma mukhale naye. Gemu ikati m inuyo funsani "chatchula chani?" asanadine. Akamaliza tengani pepala lomwe lija mulembe malembo awiri okha omwe wakumana nawo tsikulo, awapeze pa chikuto cha buku, pa chikwangwani, m'dzina lake lomwe. Ndipo zaka 4 kusawerenga ba si vuto olo pang'ono, ku Finland komweko ana amayamba sukulu yeniyeni ali ndi zaka 7.

Anti, ine ndi mayi a kunyumba tikukangana. Iwo akuti timupezere mwana gemu ya Chichewa, ine ndikuti Chichewa amachidziwa kale, chofunika ndi Chingerezi chifukwa ndi chomwe chidzamuthandize kutsogolo. Tiweruzeni.
Bambo wa anyamata awiri

Bambo, pepani koma mlanduwu mwaluza, ngakhale si wonse.

Mukusakaniza zinthu ziwiri, kuphunzira chilankhulo ndi kuphunzira kuwerenga. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha pa moyo wake, ndikutanthauza chinsinsi chija choti tizizindikiro ta papepala timaimira maliwu a pakamwa. Akachitulukira m'chilankhulo chimodzi amapita nacho ku china chilichonse. Nde funso nloti achitulukire kuti mosavuta, ndipo yankho ndi m'chilankhulo chomwe amalota nacho. Mwana akaphatikiza ga ndi lu nkumva pakamwa pake patuluka "galu" nkhope imawala, amadziwa yekha kuti wakhoza chifukwa galu amamudziwa. Koma akavutika nkutulutsa mawu achingerezi omwe sanawamvepo, adziwa bwanji kuti wakhoza? Palibe chomuuza.

Komanso Chichewa chili ndi mwayi omwe eni akefe sitiuona. Malembo a liwu ndi asanu, a e i o u, ndipo a amamveka a paliponse pomwe wakhala, mmene walembera ndi mmene uwerengere. Chingerezi ndi chisokonezo, taonani a wa mu cat, wa mu cake ndi wa mu call, lembo limodzi maliwu atatu, ndipo dzina la lembolo ndi "ei". Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana a m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya, anapeza kuti ana owerenga zilankhulo zolembedwa mmene zimamvekera monga Chifinishi, Chigiriki, Chitaliyana ndi Chisipanishi amakhala akuwerenga mawu pafupifupi onse osavuta pofika kumapeto kwa chaka choyamba, pomwe a Chingerezi, omwe Chingerezicho nchakwawo, amatenga nthawi yoposa kuwirikiza kawiri. Nanga wanuyo amene Chingerezi akungochimva pa TV?

Vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri ndi la mwana amene waloweza maina a malembo achingerezi, ei bii sii, nde mukamupatsa "ine" amayamba ndi "ai", mukamupatsa "ena" amayamba ndi "ii", mutu nkuzungulira. Gemu iliyonse yomwe mungasankhe, ya chilankhulo chilichonse, onetsetsani kuti ikuphunzitsa maliwu osati maina okha.

Pomwe mwawina inuyo mpoti magemu achingerezi ndi ochuluka ndipo ena ndi abwino zedi, Khan Academy Kids yomwe inatuluka mu 2018 ndi yaulere ndipo ilibe zotsatsa malonda, Duolingo ABC inabwera mu 2020, Starfall ilipo kuyambira 2002. Amenewa muwagwiritse ntchito kuti khutu lizolowere Chingerezi, nthano ndi mawu atsopano. Koma zophatikiza malembo ayambire kwawo. Bungwe la onebillion la ku Britain linakonza maphunziro a patabuleti a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, Chiswahili ndi Chingerezi. Palinso Feed the Monster, yomwe poyamba inakonzedwa m'Chiarabu kuti ithandize ana othawa nkhondo ya ku Syria kudzera mumpikisano omwe boma la Norway linalipira, ndipo bungwe la Curious Learning laimasulira m'zilankhulo zoposa 50. Ndipo mukapeza ya Chichewa imvetsereni kaye mmene ikutchulira ng', ny, mb, nd ndi tch, chifukwa apa mpomwe ana amapunthwa, ng'ombe ndi ngoma siziyamba mofanana.

Anti, ndi maola angati omwe ali bwino? Wanga wa zaka 3 ndikamulanda tabuleti amadzigwetsa pansi kulira ngati wamenyedwa, aneba mpaka kusuzumira.
Mayi wotopa

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019, mwana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe pasikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitilire ola limodzi patsiku ndipo kuchepa nkwabwino koposa. Ola limenelo ndi la zonse pamodzi mayi, TV, makatuni a pa YouTube, foni ya abambo ake ndi tabuletiyo, osati chilichonse ola lakelake.

Koma ine pa gemu ya malembo ndimati mphindi 10 kapena 15 zakwana. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti zikadutsa pamenepo maso aja ayamba kungoti tong'oo, chala chikudina chokha, mutu unachoka kalekale.

Zolirazo, dziwani kuti magemu ambiri amakonzedwa dala kuti asakhale ndi pothera, levulo ikatha ina yayamba kale, nde mwana wa zaka 3 alibe mabuleki oti adziimitse yekha, ngakhale akuluakulufe timalephera, inuyo dzulo munagona nthawi yanji ndi foni? Chomwe chimathandiza nkumuuziratu musanayambe, "tisewera katatu, kachitatu tikatha uzimitsa ndiwe". Mawu oti mphindi zisanu kwa iye alibe tanthauzo koma katatu amatha kuwerenga ndi zala. Azimitse yekha, ndipo pakhale china chomudikira pompo, mpira, kusamba, kukuthandizani kanthu. Masiku oyamba alirabe, musabweze tabuleti chifukwa cha kulira olo aneba asuzumire motani, mukangobweza kamodzi mwamuphunzitsa kuti batani loyatsira ndi misozi. Ndipo isakhale ya pogona, nthawi imeneyo ndi ya nthano ya pakamwa kapena kabuku.

Anti, mpongozi wanga akumamuonetsa mdzukulu wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri mavidiyo ndi magemu a malembo, akuti adzayamba kuwerenga msanga. Ine mtima sukundilola koma ndikalankhula amati ndine wachikale.
Agogo

Agogo, mtima wanuwo uli ndi asayansi kumbuyo kwake. Mu 2003 Patricia Kuhl wa ku yunivesite ya Washington anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi, ena amakumana ndi munthu wolankhula Chitchaina cha Mandarin maso ndi maso, akuwawerengera ndi kusewera nawo, maulendo 12, ena amaonera anthu omwewo pa TV. Omwe anakumana ndi munthu anaphunzira kusiyanitsa maliwu a Chitchaina, a pa TV aja sanatolepo kanthu, anali ngati sanamvepo nkomwe. Ndipo mu 2009 kampani ya Disney inavomera kubweza ndalama kwa makolo omwe anagula mavidiyo a makanda a Baby Einstein anthu atadandaula za momwe amawatsatsira ngati ophunzitsa.

Nde kwa mdzukulu wanuyo gemu yoposa zonse ndinuyo, muzimulankhula, kumuimbira, kumuloza zinthu nkumazitchula. Kwa apongozi anuwo musapite ndi "ndinanena ine", ingowaonetsani tsamba lino ngati mwangolipeza mwangozi.

Anti, ine ndimachoka m'mawa kubwera usiku, amene amatsala ndi mwana sukulu sanapite nayo patali. Nonse mumangoti khalani naye pambali, nanga ife opanda nthawi? Tabuleti payokha singamuphunzitse?
Bambo wolera yekha

Funso lanuli ndalikonda bambo chifukwa mwandigwira pakamwa, ife olangiza timakonda kulankhula ngati aliyense ali ndi tsiku lonse.

Funso lomweli anthu ena analiyesa ndi ndalama zambiri. Mpikisano wa Global Learning XPRIZE, wa madola 15 miliyoni omwe anapereka Elon Musk, umafuna kuona ngati ana angadziphunzitse okha kuwerenga, kulemba ndi masamu pogwiritsa ntchito tabuleti. Magulu asanu omwe anafika kumapeto anayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania, m'Chiswahili, ndi ana oposa 2,000 omwe ambiri anali asanapondeko m'kalasi. Poyamba ana oposa 90 pa 100 aliwonse samatha kuwerenga olo mawu amodzi, pomaliza chiwerengerocho chinatsika ndi theka. Mu May 2019 analengeza kuti apambana ndi awiri, onebillion ndi Kitkit School, nkugawana madola 10 miliyoni.

Nde inde, tabuleti ili ndi pulogalamu yabwino imatha kuphunzitsa, amene amati nzosatheka akunama. Koma taonaninso mbali inayo. Ana amenewo sanali a nazale, anali a zaka 7 kupita m'mwamba, matabuleti ake munalibe china chilichonse choti athawireko, ndipo ngakhale zinali choncho, miyezi 15 itatha pafupifupi theka la ana linali lisanayambebe kuwerenga. Wanu wa nazale akufunika munthu kwambiri kuposa amenewo.

Koma munthuyo sakuyenera kukhala mphunzitsi. Amene amatsala nayeyo atha kukhala pambali nkumafunsa "chati chani?", "tandiphunzitsa nane", ndipo ana amakonda kuphunzitsa akulu moti amabwereza liwu lija kakhumi osatopa, pena wamkuluyo naye amatolapo. Inuyo gawo lanu ndi mphindi zisanu, olo m'mawa mukuvala nsapato, "dzulo kagemu kako kanakuphunzitsa lembo lanji, talilemba pa dzanja langa ndi chala". Zisanu zokhazo tsiku ndi tsiku zimaposa maola awiri a Lamulungu lokha. Ndipo sankhani gemu yogwira popanda intaneti, muidawunilode inuyo nkuzimitsa data musanachoke.

Anti, ndinapeza ndalama zadulidwa ku akaunti yanga, kufufuza ndi mwana wagula "makoini" m'gemu yomwe imati ndi yaulere. Komanso mumatuluka zotsatsa zina zosayenera mwana.
Mayi wokwiya

Si inu nokha mayi, vutoli ndi lakale moti mu 2014 bungwe la boma la America loona za malonda la FTC linachititsa kampani ya Apple kuvomera kubweza madola osachepera 32.5 miliyoni kwa makolo omwe ana awo anagula zinthu m'magemu popanda chilolezo, ndipo chaka chomwecho Google nayo inavomera kubweza osachepera 19 miliyoni.

Lowani mu Play Store kapena App Store muike kuti chilichonse chogula chizifuna pasiwedi nthawi zonse, ndipo pasiwediyo musamailembe iye akuona, ana awa maso ndi akuthwa. Musanamupatse foni ikani pa airplane mode, zotsatsa zambiri zimabwera ndi intaneti. Pa Android pali njira yokhomera app imodzi pasikirini kuti asatulukemo, amati app pinning kapena screen pinning, pa iPhone ndi iPad ndi Guided Access, ndipo Family Link ya Google imakulolani kuika malire a nthawi. Pemphaninso kuti akubwezereni ndalamazo kudzera mu sitolo ya ma app momwemo, mukachita changu nthawi zina amabweza. Koma gemu yomwe imaimitsa mwana pakati pa phunziro kuti aonere malonda kapena agule makoini ine ndimangoichotsa, mwana amene amamvetsera liwu la s nkudukizidwa ndi vidiyo ya masekondi 30 akabwerera s uja waiwalika.

Anti, wanga wa zaka 5 pagemu amasiyanitsa b ndi d bwinobwino koma akamalemba amazitembenuza, pena dzina lake lomwe amalilemba chobwerera m'mbuyo. Ndi matenda aja ovutika kuwerenga amati dyslexia?
Mayi wankhawa

Pa zaka 5 ayi mayi, musadandaule, kutembenuza malembo nkofala mpaka cha m'ma zaka 7. Ganizirani, chiyambire kubadwa mwanayu waphunzira kuti kapu ndi kapu basi, chogwirira chiloze kumanja kapena kumanzere. Lero tikumuuza kuti kamzere ndi kamimba kakaloza uku ndi b, kakaloza uko ndi d, kakazondoka ndi p. Ubongo umafuna nthawi kuti uvomere zachilendozi.

Ndipo apa mpomwe sikirini imaperewera, pagemu amangosankha lembo lomwe wina walemba kale, polemba ayenera kulitulutsa m'mutu mwake ndi dzanja lake, ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mpatseni choko, khirayoni, alembe pamchenga, aumbe malembo ndi dongo, akuluakulu oti mkono wonse uziyenda, uku akutchula liwu lake. Musamuphunzitse b ndi d tsiku limodzi, akhazikike kaye pa b sabata yonse, ayambe ndi mzere kutsika kenako mimba, d adzabwere pambuyo ndipo iyeyo ayambe ndi mimba kenako mzere, dzanja likazolowera njira ziwiri zosiyanazo limakumbuka lokha.

Zomwe zingandichititse kuti ndikuuzeni mukaonane ndi aphunzitsi ake kapena achipatala ndi zina, ngati samva kuti "mutu" ndi "mudzi" ayamba mofanana ngakhale mutabwereza kangati, ngati liwu la lembo lomwe mwamuphunzitsa masabata angapo limangotayikabe, ngati anachedwa kwambiri kulankhula, kapena ngati kubanja kwanu kapena kwa abambo ake kuli ena omwe kuwerenga kunawavuta kwambiri, chifukwa dyslexia imayenda m'magazi. Zikakhala choncho yambani mwamupimitsa makutu ndi maso, pena mwana amene tikumuti sakugwira amakhala kuti sakumva bwino chabe, makamaka amene makutu amamuvutavuta ali wamng'ono. Mundilemberenso pakatha miyezi itatu mundiuze b uja waloza kuti.